Akufuna kugumula nyumba yakale, tiyambire pati?

Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili m'kagulu kodzipereka koteteza zinthu zakale za m'tauni. Pa geti la nyumba ina ya njerwa zofiira, ya khonde lalitali, apachikapo chikwangwani chakuti aigumula kuti amangepo mashopu. Mwini wake akuti kuikonza kungadye ndalama zambiri. Sakunama ayi, ndinaona ndekha mitengo ya denga itadyedwa ndi chiswe.

Kodi kalata yotsutsa ku khonsolo imamveka ikachokera ku kagulu, kapena aliyense alembe yake? Ena akuti kungonena kuti nyumbayo timaikonda sikugwedeza a mapulani, amafuna mfundo monga mbiri yolembedwa kapena kuchuluka kwa magalimoto komwe kungadze. Nanga zithunzi zakale ndi umboni wa achikulire amazilandira? Masiku operekera madandaulo akutha.