Euro ndi imodzi, nanga bwanji chiwongola dzanja chimasiyana?

Mlongoti: Abale ndithandizeni apa. Germany ndi Greece onse amagwiritsa ntchito euro, banki yaikulu ndi imodzi yomweyo ECB ya ku Frankfurt, ndiye zinatheka bwanji kuti mu 2012 ngongole za boma la Greece za zaka 10 chiwongola dzanja chake chinadutsa 30 peresenti pomwe Germany amakongola pansi pa 2?

Nachisale_UK: Achimwene ECB imaika reti yobwerekera mabanki, osati ya maboma. Boma likamakongola pogulitsa ma bond, zikalata za ngongole, wogula amayamba wafunsa kaye kuti awawa abweza? Greece mu 2009 inavomera kuti mabuku ake anali abodza, bajeti inali yoperewera kwambiri kuposa zomwe ankanena, ndiye aliyense anathawa. Ngakhale wakatapila amawonjezera akaona kuti ndiwe wovuta kubweza.

Chembe77: Koma inu mwayambira pakati. Vuto linayamba nthawi imene zonse zinkaoneka bwino. Kuyambira 2003 mpaka 2005 ECB inasunga reti pa 2 peresenti, zomwe zinali bwino kwa Germany poti chuma chawo chinali chogona nthawi imeneyo, koma ku Spain ndi Ireland zinthu zinkakwera mitengo mwachangu ndiye 2 peresentiyo inali ngati ndalama yaulere, anthu kumangokongola kumanga nyumba, mabanki aku Germany ndi France kumangothira ndalama kumeneko osafunsa zambiri, malipiro kukwera, katundu wawo kudula kunja. 2008 itafika zonse phwaa. Kale, euro isanabwere, Spain ikanagwetsa ndalama yake ya peseta, Greece ya drachma, katundu wawo atsike mtengo kunja. Mu euro njira imeneyo kulibe, chotsala kunali kudula malipiro ndi kuchotsa anthu ntchito. Ulova ku Spain unadutsa 26 peresenti mu 2013.

Mlongoti: Ndiye zinatha bwanji? Poti euro ilipobe.

Nachisale_UK: Mario Draghi, mkulu wa ECB nthawi imeneyo, mu July 2012 ananena ku London kuti ECB ichita chilichonse kuti euro isagwe, ma reti a ngongole za Spain ndi Italy n'kuyamba kutsika. Agiriki okha anavutikabe, mu 2015 mabanki anatsekedwa, pa ATM unkangotapa 60 euro patsiku.

WakuJoni: Kuno nako zilipo bwana. Loti ya Lesotho, lilangeni ya Eswatini ndi dola ya Namibia zonse zinamangidwa pa randi 1 kwa 1, Reserve Bank ya ku Pretoria ikakweza reti iwo amangotsatira, kaya ku Maseru bizinesi ikuyenda kaya ayi.