Kodi nyamakazi kwenikweni ndi matenda ati?

Mphwawo wa ku Luchenza: Abale ndithandizeni. Sabata yatha amalume anga anagona ali bwinobwino, koma cha m'ma 2 koloko usiku tinangomva akubuula. Chala chachikulu cha kuphazi chinali chitatupa pamfundo, chikunyezimira, ukachiyandikiza dzanja chikutentha. Ngakhale chofunda sanalole kuti chiwakhudze. Ine ndinati, "Amalume, imeneyi ndi nyamakazi." Mayi anga anandidula pomwepo: "Iwe, nyamakazi sibwera usiku umodzi." Kuchipatala anayeza magazi n'kunena kuti ndi gauti. Nanga nyamakazi ndiye iti?

Mdzukulu wa ku Thekerani: Mayi anu akunena zoona. Agogo anga anathyola tiyi zaka zambiri, m'mame, dengu kumsana. Chiperoni chikangoyamba mu June ankakhala pamoto n'kumasisita mawondo, amvekere "nyamakazi yanga yadzuka." Zinkawawa pang'onopang'ono, miyezi, popanda kutupa kwadzidzidzi. Ndikamva mawuwa ndimaona manja awo aja.

Bambo wa ku Chitakale: Mawuwa amadzimasulira okha. Nyama-kazi, ndiye kuti nyama yochuluka. Makolo anaona kuti wokonda nyama ndi amene amatupa zala. Gauti imeneyo ndiye nyamakazi yeniyeni.

Mdzukulu wa ku Thekerani: Bambo, agogo anga nyama ankaiona pa Khirisimasi pokha. Ndiwo zawo zinali nkhwani, nandolo ndi kalongonda.

Bambo wa ku Chitakale: Ndiye kuti iwo anabwereka dzinalo. Ine ndikudwala matendawa, ndikudziwa chimene ndikunena. Ndikadya chiwindi kapena zam'kati pachiwaya n'kutsirirapo mowa, m'mawa nsapato sikulowa. Imandigwira sabata, nthawi zina awiri, n'kutha ngati sinabwere. Nyama. Zili m'dzina momwemo.

Namwino wopuma, Bvumbwe: Mphwawo, za dzina ndisiyira akulu, koma za amalume anu mverani. Gauti imabwera asidi wina wa m'thupi wotchedwa uric acid akachuluka m'magazi, impso zikamalephera kumutulutsa yense mumkodzo. Amauma n'kukhala timiyala tosongoka ngati singano m'mfundo, n'chifukwa chake ululu umafika pachimake pasanathe maola 24. Imakonda chala chachikulu, koma imagwiranso akakolo, bondo ndi chigongono. Imachuluka mwa abambo, amayi kawirikawiri akasiya kusamba. Nyama yofiira ndi mowa zimaidzutsa ndithu, zakumwa zotsekemera nazonso, ngakhalenso mankhwala ena a BP okodzetsa. Amalumewo ngati amamwa amenewo asasiye okha, akauze adokotala. Ikalekereredwa zaka, pamatuluka timabulunga tolimba pazala, pachigongono kapena m'mphepete mwa khutu, ndipo ena amapanga miyala mu impso. Alipo mankhwala otsitsa asidiyu, monga allopurinol. Chimene ndimaopa ine n'chakuti mfundo ikatupa, kutentha, thupi lonse n'kumatenthanso, pakhoza kukhala mafinya mkati. Pamenepo musatemere mphini, thamangani tsiku lomwelo.

Bambo wa ku Chitakale: Mwamva? Anamwino atchula nyama.

Mayi wa ku Limbuli: Atchulanso mowa, bwanji simukuti mowakazi? Kwathu agogo ankati "kazi" ameneyo ndi wa mkazi, chifukwa ankadandaula kwambiri ndi amayi okalamba, otunga madzi ndi kusenza nkhuni za m'phiri. Ankatituma masamba ofunditsa pamoto n'kuwathowa nawo m'miyendo. Ndinali wamng'ono, koma fungo lake ndimalikumbukirabe.

Mphunzitsi wa ku Muloza: Chondiwawa ine n'chakuti ana athu mawuwa sakuwadziwa n'komwe. Ndinafunsa m'kalasi, palibe anakweza dzanja. Chilichonse kwa iwo ndi "mabodi peni." Chilomwe chinatipulumuka kale ambirife, tsopano Chichewa nachonso?

Mayi wa ku Limbuli: Wanga amati "joini ikupweteka." Ndikamuuza kuti ndi mfundo amandiyang'ana ngati ndalankhula Chipwitikizi cha kutsidya kwa Muloza.

Mphwawo wa ku Luchenza: Zikomo nonse, makamaka anamwino. Amalume lero aponda pansi, kutupa kwaphwa ndipo khungu la pachalapo likusupuka. Mankhwala a BP amamwadi, Lachinayi tipita nawo ndi kabuku kawo. Ndawawerengera mayi zonsezi, akuti agogo awo nyamakazi ankaitchula ikafika m'chiuno ndi m'mafupa, osati pachala.

Bambo wa ku Chitakale: Awafunsenso bwino mayiwo ngati agogo amenewo sankaweta mbuzi.