Ndikufuna kuphunzitsa malamulo a ufulu wa ana pa yunivesite, ndiyambire pati?

Wofunsa: Akuluakulu, ndigawireniko nzeru. Ndikufunitsitsa kudzaphunzitsa malamulo a pakati pa mayiko pa yunivesite, makamaka a ufulu wa ana, koma kuofesi ya maloya kumene ndimagwira ntchito amangondiunjikira milandu ya ngongole, pomwe mnzanga amene anachita kundipeza ndiye amatumizidwa kumisonkhano. Amalume nawonso akuti uphunzitsi ndi umphawi. Ndalembera mayunivesite angapo koma onse ali zii.

Loya wakale: Achimwene, ufulu wa ana suphunziridwa m'kalasi. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989 linavomerezedwa ndi mayiko 196, koma pitani kukhoti mukaone mwana akunjenjemera m'kabokosi popanda womuimira, ndipo mudzadziwa kuti pepala siliteteza munthu.

Mayi mphunzitsi: Bambo, musamufooketse. Inu wofunsa, simunatiuze ngati muli ndi digiri yachiwiri, chifukwa popanda imeneyo n'kovuta kuti akuyankheni. Centre for Human Rights ku University of Pretoria imaphunzitsa digiri yachiwiri ya ufulu wachibadwidwe, ndipo ku yunivesite ya Leiden ku Netherlands kuli ya ufulu wa ana.

Loya wakale: Leiden ya chiyani, mayi? Africa ili ndi pangano lakelake la 1990, limene limanena mosapita m'mbali kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, nkhani imene la 1989 lija silinaitchule n'komwe.

Wophunzira wotopa: Ine ndinayamba digiri yachitatu, ya PhD, ndi moto womwewo, koma woyang'anira kafukufuku wanga anasunga chaputala changa mpaka malamulo amene ndinkalemba anasinthidwa. Amalumewo sananame.

Membala wina: Lembani kankhani ka kafukufuku mutumize ku magazini ya kafukufuku ya African Human Rights Law Journal, pakuti olemba ntchito amayang'ana zimene munasindikiza. Muwerengenso za Benyam Dawit Mezmur wa ku University of the Western Cape, amene anakhalapo wapampando wa komiti ya ufulu wa ana ya United Nations komanso ya Africa.

Wofunsa: Zikomo nonse, koma za mnzanga wa kuofesi uja palibe wandiyankha.

Mayi mphunzitsi: Achimwene, nanga digiri yanu ndi iti?

Loya wakale: Asanayankhe, mayi, tandiuzani kaye chifukwa chimene dziko la United States silinavomerezebe pangano limene mukufuna kuti mnyamatayu akaphunzitselo.