Ndithandizeni kupeza buku la zaumbanda losakhumudwitsa

Moni nonse okonda mabuku. Buku lomwe ndangomaliza landigwiritsa fuwa lamoto. Ndi nkhani ya banja lomwe anthu akufa motsatizana zitaululika za mwana wamseri ndi wilo yosinthidwa. Vuto n'loti wakuphayo akungotulukira m'mutu womaliza, popanda chilichonse cholozera kwa iye m'mbuyomo. Poizoni akutchulidwa koma mtembo sukuyezedwa kuchipatala, wapolisi sakufunsa mboni, ndipo zonse zikudziwika ndi kalata yopezeka m'sutikesi. Kumeneko n'kubera wowerenga.

Ndabwereza mitu yoyambirira kufunafuna zizindikiro, ndawerenga ndemanga pa Goodreads, ndafunsanso kulaibulale, osaphula kanthu.

Kodi alipo akudziwa buku, la Chingerezi kapena Chichewa, lomwe wolemba amamwaza umboni kuyambira koyambirira kuti wowerenga watcheru athe kugwira yekha chigawengacho?