Fyuluta yochapa pa Corolla: ikuwonjezeradi mphamvu kapena ikungolira?

Wa garaja ya ku Biwi:
Akuluakulu, mwaswera bwanji? Ndithandizeni nzeru. Kwabwera Corolla ya NZE121, injini yake 1NZ. Mwini wake ndi mnyamata amene amayenda Lilongwe-Dedza pafupifupi sabata iliyonse. Mwezi watha anachotsa bokosi lonse la fyuluta ya mpweya n'kuika fyuluta yofiira ija yosongoka, yochapa n'kupakanso oyilo. Amene anamugulitsa anamuuza kuti galimoto idzakoka ngati yampikisano. Lero akudandaula kuti ikaima pa maloboti ikunjenjemera, ukaiponda ikuyamba yazengereza, ndipo check engine yayaka. Ndalumikiza makina, yatulutsa code ya P0171, yonena kuti petulo wachepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo long term trim, muyeso wa petulo amene kompyuta ya galimoto ikuwonjezera, ili pa +19. Mapulagi ali bwino, paipi yong'ambika sindinaipeze. Ine mtima wanga uli pa fyulutayo, koma iye sakufuna kumva, akuti wataya ndalama zambiri. Mafyuluta amenewa amawonjezeradi mphamvu? Sindikufuna kumunamiza.

Madala a ku Limbe:
Mwana wanga, musanakangane naye, masulani tinsukulu tiwiri ta MAF sensa, yoyeza mpweya wolowa mu injini ija, muitulutse, mupite nayo padzuwa. Suzumirani mkati momwe muli kawaya kopyapyala ngati tsitsi kaja. Mukakapeza kakuda, kovala ubweya wa fumbi, ndiye kuti mlandu watha. Mumufunsenso kuti wachapa liti fyulutayo ndipo anathira oyilo wochuluka bwanji.

Wa garaja ya ku Biwi:
Madala, mwalasa. Kawayako kali ngati kakutidwa ndi mwaye, ndipo mkati mwa paipi ndapisamo chala chatuluka chonata. Akuti anachapa masabata awiri apitawo, n'kuithira oyilo wa injini mpaka kudontha, poganiza kuti akachuluka ndiye igwira bwino fumbi.

Wa ku Zingwangwa:
Apo walakwitsa ndi mnyamatayo, fyuluta isafere za eni. Zimenezi zili ndi oyilo wakewake, wopaka pang'ono n'kudikira alowerere. Ine ndinaika ya K&N pa Subaru yanga ndipo kusiyana ndimakumva ndikaponda. Tisamangonyoza chinthu chifukwa tinazolowera za pepala.

Achemwali a zamagetsi ku Mzuzu:
Achimwene a ku Zingwangwa, pa nkhani ya oyilo mwanena zoona. Koma pa mphamvu tiyeni tilongosole bwino, chifukwa makasitomala amadya zimene timawauza.

MAF imayeza mpweya ndi kawaya kotentha. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, kompyuta n'kudziwa kuti walowa wochuluka bwanji, kenako imathira petulo woyenera, pafupifupi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Kawayako kakavala oyilo ndi fumbi sikazizira msanga, ndiye kamanena kuti mpweya ndi wochepa pamene ndi wambiri. Kompyuta imachepetsa petulo, sensa ya ku ekizosi n'kudandaula, kompyuta n'kuyamba kuwonjezera mpaka kufika pa +19 mwaionayo. P0171 yachokera pamenepo.

Tsono za mphamvu. Mukamayenda m'tauni, chimene chikutsekereza mpweya si fyuluta, ndi throttle, chitseko cha mpweya wolowa mu injini, imene mwaitsegula pang'ono dala ndi phazi lanu. Ngakhale mutachotseratu fyuluta, injini ipuma mpweya umene throttle yalola basi. Fyuluta imayamba kuwerengedwa mukaponda mpaka pansi, marevu ali pamwamba. Apo yochapayo ingathe kupereka kenakake, koma pa injini ya malita 1.5 yotulutsa mahachi pafupifupi 110, ndi kachinthu koti thupi silingakazindikire. Fyuluta ya pepala yatsopano inapangidwa kale kuti idutsitse mpweya wokwanira injini imeneyo.

Chimene anthu ambiri amamva ndi phokoso. Bokosi lija lili ndi zipinda zochepetsa kulira kwa mpweya. Mukalichotsa, injini imabangula, mtima n'kuti yathamanga.

Wa ku Zingwangwa:
Achemwali, ndiye mukuti makutu anga akundinamiza?

Achemwali a zamagetsi ku Mzuzu:
Ayi achimwene, mwina yanu yakale inali itatsekeka. Ku Oak Ridge National Laboratory ku America anayesa zimenezi mu 2009: pa galimoto za injekishoni, fyuluta yotsekeka sinasinthe kwenikweni kamwedwe ka mafuta, koma inachepetsa kakokedwe. Ndiye ukachotsa yakuda n'kuika iliyonse yoyera, umamva kusintha ndithu. Funso ndi lakuti mukanaika ya pepala yatsopano simukanamva chimodzimodzi?

Ndipo ya ku Biwiyi ili ndi vuto lina. Bokosi la fakitale limakoka mpweya wozizira kutsogolo. Yosongokayo yangokhala pambali pa injini, ikumwa mpweya wotentha wa mu boneti. Mpweya ukatentha ndi madigiri 10 umapepuka ndi pafupifupi 3 peresenti. M'mwezi wa October, boneti itatsekedwa, galimoto ili pa mzere, taganizirani. Kamene wapindula kamathera pomwepo, mwinanso n'kuluza.

Madala a ku Limbe:
Ine za mahachi ndasiyira ana inu. Chimene chimandiwawa ndi fumbi. Nsalu ija imadutsitsa mpweya mosavuta chifukwa mabowo ake ndi aakulu, ndipo chogwira fumbi ndi oyiloyo. Akauma, kapena munthu akaichapa ndi sopo wa zovala n'kuipopera mpweya wa kompuresa, yasanduka sefa ya ufa. Fumbi lathu lofiirali ndi mchenga, likalowa limapala maringi ndi masilinda ngati sandipepa. Ndinatsegulapo injini ya pikapu yoyenda kumidzi imene inali ndi fyuluta yotereyi. Mizere yopingasa ya m'masilinda inali itafufutika, makoma akuwala ngati galasi, galimoto ikumwa oyilo ngati tiyi. Mwini wake analira, ine ndinamva chisoni chifukwa injini inali isanakalambe. Pa tala woyera, kwa munthu wodziwa kuisamala, sindikana. Koma kwa munthu wokhota pa M1 n'kulowa msewu wadothi, ayi.

Mumuuzenso mnyamatayo kuti ngati galimoto imamufookera akamakwera ku Dedza, si fyuluta. Lilongwe ili pa mamita opitirira 1,000, Dedza pafupifupi 1,600. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu pa mamita 100 aliwonse okwera. Nsalu yofiira singabweze zimenezo.

Wa garaja ya ku Biwi:
Sensayi nditsuke ndi carb cleaner, yotsukira kabyuleta ija? Ndi imene ndili nayo pano.

Achemwali a zamagetsi ku Mzuzu:
Chonde musatero, ndi yaukali, ingawononge pulasitiki ndi sensa yomwe. Pezani yolembedwa MAF cleaner. Poperani muli chapatali, kawayako musakakhudze ndi kanthu, dikirani iume yokha. Paipi ndi throttle mupukutenso, apo ayi oyilo wotsalayo apitirira kulowa mu injini.

Wa garaja ya ku Biwi:
Akuluakulu, ndabweranso. Mwayi wake bokosi lakale anali asanataye, linali kunyumba. Ndatsuka sensa, ndabwezera bokosi, ndaika fyuluta ya pepala yatsopano, ndafufuta code. Tayenda naye mpaka ku Nathenje n'kubwerera, makina ali pamiyendo pake akudzionera yekha: trim yatsika kufika pa +3, kunjenjemera kwatha, nyale sinayakenso. Wangodandaula kuti galimoto yasiya kubangula. Ndamuonetsa chala changa chija chonata ndi fumbi la m'paipi, wakhala chete kanthawi, kenako wafunsa kuti ya pepalayi azisintha liti. Ndamuuza kuti nyengo ya fumbi ino azibwera nayo ndiziiona nthawi iliyonse posintha oyilo. Madala, compression, mphamvu yopanikiza mpweya m'masilinda, ndiyeze lero lomwe kapena mwezi umodzi sungakhale utawononga?

Madala a ku Limbe:
Yezani lero, mulembe manambala a masilinda onse anayi m'kope. Akadzabwera ku sevisi yotsatira mudzayezenso, mudzatiuze.