Kusamutsa kapinga osamupha: ndimudule bwanji?

Wapakhonde: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Pamene tikufuna kumangapo shedi pali kapinga wokhwima bwino, mamita 4 m'lifupi, 5 m'litali. Ndikufuna ndimusamutsire kuseri kwa nyumba, komwe kuli dothi lokhalokha. Ndimudule mozama bwanji, ndipo angakhale masiku angati ndisanamuyale?

Manja Obiriwira: Musayambe ndi kudula, achimwene. Yambani mwakonza komwe akupitako, chifukwa kapinga wozulidwa sadikira munthu. Gawulani dothi masentimita 10 mpaka 15, phwanyani zibuma, tolani miyala, sakanizanimo manyowa owolerana bwino, kenako salazani ndi reki. Malowo atsike masentimita ngati 4 kapena 5 poyerekeza ndi njira kapena khonde, apo ayi kapinga adzatumphuka pamwamba n'kumauma m'mphepete.

Kapinga wakaleyo mumutchetche, ndipo mumuthirire kutatsala tsiku limodzi kapena awiri. Dothi louma limayoyoka n'kusiya mizu pamtunda, pomwe lamatope limalemera ndipo chigamba cha kapinga chimang'ambika m'manja. Mangani chingwe pa zikhomo, muzicheka motsatira chingwecho ndi fosholo yosalala kukamwa, yonoledwa. Zigamba zikhale masentimita 30 ndi 60. Mukacheka mbali zonse zinayi, lowetsani fosholo chogona pansi pa mizu, mozama masentimita 4 kapena 5, n'kumakankha pang'onopang'ono. Musakopeke kudula zikuluzikulu kuti ntchito ithe msanga: chigamba cha mita imodzi mbali zonse chimapitirira makilogalamu 50, ndipo chimathyoka musanafike nacho pa wilibala.

Za masikuzo, muyaleni tsiku lomwelo. Zigamba zosanjikizana zimatentha m'kati, udzu umasanduka wachikasu, kenako umawola. Ngati mvula kapena mdima wakupezani, ziyaleni pamthunzi chimodzichimodzi, udzu uli pamwamba, muziwaza madzi.

Mayi Wamaluwa: Zanenedwazo n'zoona, koma ambiri amalakwitsa poyala. Nyowetsani dothi pang'ono musanayambe. Mzere woyamba utsatire chinthu chowongoka, monga khoma kapena chingwe. Zigamba zigundane ndithu, koma zisakwerane, chifukwa mbali yokwera pa inzake siipeza dothi ndipo imafa. Mzere wachiwiri muyambe ndi theka la chigamba, molumikizira musayang'anizane, monga amachitira amisiri posanja njerwa. Mukapanda kutero madzi amatsata mzere umodzi n'kukumba ngalande. Tizidutswa ting'onoting'ono tiziikidwa pakati, osati m'mphepete momwe dzuwa ndi mphepo zimaumitsa msanga. Mipata yotsala muithire dothi losefa losakaniza ndi mchenga.

Mukatha, yalani thabwa pamwamba muziyendapo, kuti mizu ikhudze dothi. Pomwe patsala mpweya pansi m'pamene pamatuluka madontho ouma aja anthu amanamizira matenda. Ngati malowo ndi otsetsereka, yalani mopingasa ndipo mukhomere tizikhomo.

Madzi tsopano. Tsiku loyamba thirani malita 20 mpaka 25 pa sikweya mita iliyonse, ndipo tukulani ngodya ya chigamba muone ngati dothi lapansi lanyowa. Milungu iwiri yoyamba thirirani m'mawa uliwonse, kukatentha kwambiri muwazenso masana. Ikatha milunguyo kokani udzu mofatsa: ukakana kunyamuka, mizu yagwira. Apo yambani kuthirira mwa apo ndi apo koma mokhathamiritsa, kuti mizu itsike kukafuna madzi. Kutchetcha kudikire milungu itatu, ndipo musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake. Feteleza wa yureya musamuyandikize panthawiyi. Amawotcha mizu yodulidwa.

Wapakhonde: Zikomo kwambiri nonse. Nanga ndikadula mozama masentimita 10 kuti ndisasiye mizu, sizingathandize kuti agwire msanga?

Mkulu wa Dimba: Ayi, mungodzithyola msana. Mizu yakale si imene imagwira; kapinga amatulutsa mizu yatsopano kuchokera m'mfundo za timitsitsi take toyanga. Chigamba chopyapyala chimazika msanga kuposa chochindikala, kungoti chimauma msanganso. Ngati madzi ndi ovuta kwanuko, fikani masentimita 5 kapena 6, musapitirire.

Pali zina ziwiri zoti muone musanagwire fosholo. Kuseri kwa nyumbako kumafika dzuwa maola angati? Kapinga wa masamba aang'ono, amene ena amamutcha Bermuda, amafuna dzuwa maola 6 kapena kuposerapo, ndipo pamthunzi amaonda n'kutha ngakhale mumuthirire bwanji. Kapinga wotchedwa Buffalo ndiye amapirirako mthunzi. Chachiwiri, yang'anani ngati muli dawe m'kapingamo. Timbatata take ta pansi timasamuka limodzi ndi zigamba, choncho chigamba chilichonse chokhala ndi dawe chitayeni, mpatawo udzatsekeka wokha kapinga akayamba kuyanga.

Pomwe mwachotsapo napo musaiwale. Kapinga wa Bermuda ndi wa Kikuyu amasiya mitsitsi pansi, ndipo kachidutswa kokhala ndi mfundo imodzi kamaphukanso. Thirirani malowo, dikirani milungu iwiri, kumbani zonse zomwe zamera, kenako muyale maziko a shedi yanu.