Ndikupita kukapikula katundu ku São Paulo, ndikonzekere bwanji?

NaPhiri wa ku Rosettenville
Abale anzanga a kuno ku Joni, ndigaireni nzeru. Ndimagulitsa nsapato za amayi ndi tsitsi, ndipo mwezi wamawa ndikufuna kukapikula ndekha ku São Paulo m'dziko la Brazil, m'misika ya ku Brás ndi mu Rua 25 de Março. Viza ndatenga kale ku Pretoria, poti ife a pasipoti ya Malawi sitilowa chabe ngati eni dziko lino. Chikundidetsa nkhawa ndi matenda ndi akuba. Alamu anga akuti ndiyambiretu kumwa mankhwala a malungo. Ndi zoona? Chipwitikizi nacho sindichimva ngakhale pang'ono.

A Chirwa, Mayfair
Achemwali, alamuwo ndalama zanu asakuwonongereni. Malungo ku Brazil ali kumpoto, kunkhalango ya Amazon. Mu tawuni ya São Paulo si nkhani. Chimene mukuyenera kuthamangira sabata ino ndi katemera wa yellow fever, ku travel clinic. Amafuna mubaye masiku 10 musananyamuke, ndipo amakupatsani kakhadi kachikasu. Kakhadi kameneko musakaike m'chikwama cha pansi pa ndege, kakhale m'kati mwa pasipoti, chifukwa pobwera pa bwalo la ndege la OR Tambo akhoza kukafunsa, poti Brazil ili pa mndandanda wa mayiko a matendawa. Kuyambira 2016 jakisoni mmodzi ndi wa moyo wonse.

Udzudzu woti muuope ndi wa dengue. Mu 2024 anthu oposa 6 miliyoni anadwala ku Brazil. Vuto lake ndi loti umaluma masana, inu muli pakati pa kutsitsa mtengo wa nsapato, ndiye neti sikupulumutsani. Gulani mankhwala odzola othamangitsa udzudzu okhala ndi DEET, mudzole m'mikono ndi m'miyendo m'mawa uliwonse. Thupi likatentha, mutu ndi mafupa zikuphwanya, imwani Panado basi. Grand-Pa ndi Brufen ayi ndithu, chifukwa ngati ndi dengue zimapangitsa kuti magazi azituluka osaleka. Pitani ku chipatala cha boma chotchedwa UPA, amathandiza ngakhale mlendo osalipira. Ambulansi ndi 192.

Mphwanga_wa_Yeoville
Asisi, ngati mumayenda mu Small Street ndi Bree foni ili chikhalire, ku São Paulo mudzakwanitsa. Kusiyana kwake ndi koti kumeneko anyamata ake amabwera pa njinga, foni ili kukhutu, mukamatembenuka apita kale. Mukafuna kuona mapu lowani m'shopu. Ine ndimanyamula foni yakale ya Samsung yosweka galasi, yabwino ndimaisiya m'chipinda. Kuchokera pa bwalo la ndege la Guarulhos itanani Uber, musakwere aliyense wokukodolani pakhomo. Cha ku siteshoni ya Luz usiku musakayendeko. Akakuopsezani perekani, musalimbane nawo. Apolisi ndi 190. Za chiyankhulo, pezani mnzathu wa ku Mozambique akuphunzitseni manambala ndi kutsitsa mtengo, mavenda ambiri Chingerezi sachimva.

Gogo Nankhoma
Mwana wanga, zonse anenazi ndi zabwino koma langa ndi limodzi. Anthu akangomva kuti ukupita ku Brazil ayamba kukuimbira. Wina adzati ndikugulire tikiti, wina adzati kuli mbale wanga akakupatsa kaphukusi ka mphatso. Kana. Ngakhale akhale wa kumpingo, ngakhale wa kumudzi kwanu ku Dedza. Njira ya São Paulo kubwera ku Joni apolisi amaidziwa kuti ndi ya mankhwala ozunguza bongo a cocaine, ndipo amayi oyenda okha ndi amene ozembetsa mankhwalawo amawasaka kuti anyamule. Sutikesi upakire wekha, ukiye, ukulungitse pulasitiki pa bwalo la ndege. Katoni iliyonse ya nsapato uitsegule pamaso pako asanaimate tepi.

NaPhiri wa ku Rosettenville
Agogo, mwandilasa mtima, pali kale wina wanditumizira uthenga dzulo za "kaphukusi ka mlongo wake". Ndamuyankha kuti sikelo yanga yadzadza. A Chirwa, ku kiliniki ndipita Lolemba. Nanga ndalama, ndisinthiretu ma dollar kuno kapena khadi la banki yanga likagwira ku Brás?